Njinga yamoto ikamajejema pokwera Khwekhwerere, musathamangire kunena kuti kompyuta yafa

Tsiku loyamba kundichita zimenezi ndinkachokera ku Golomoti, dzuwa litapendeka, kumbuyo nditamangirira kathumba ka usipa. Kuchigwa konse inayenda bwinobwino. Nditangoyamba kukwera Khwekhwerere, m'makona oyambirira aja, ndinapotokola moto kuti ndipitirire lole ya makala imene inkakwawa kutsogolo kwanga. Njinga inajejema ngati munthu wotsamwa ndi nsima. Ndinabweza moto, inayenda. Ndinapotokolanso, inajejemanso. Pofika pakati pa phiri inazimiratu. Njinga ya makilogalamu 200 ndi kanthu ikazima pachitunda, pakona, m'pamene mumadziwa kuti miyendo yanu ndi yaifupi bwanji.

Ndinakhala pamwala kwa mphindi ngati 10. Nditayesanso inalira ngati sipanachitike kanthu, ndipo ndinatulukira pa Masasa, kulowa M1, mpaka ku Dedza boma osamvanso vuto. Mlungu wotsatira inabwereza ndikuchokera ku Mua. Kenaka inayamba kutero ngakhale pa tizitunda ta pakati pa Lizulu ndi Bembeke. Miyezi itatu yathunthu ndinkayenda ndi mtima m'mwamba, ndipo ndinatsala pang'ono kuitanitsa bokosi la kompyuta, chitsulo chodula kwambiri, pamene chovuta chinali kasefa kochepa ngati chikhatho cha khanda.

Njinga zake ndi ziti

Sindikunena za kabaza ayi. Ndikunena zazitali zija, za injini ya pakati pa 450cc ndi 900cc, zopangidwira kuyenda patala ndi pafumbi pomwe: Honda CB500X ya 471cc imene kuyambira 2024 akuitcha NX500, Suzuki V-Strom 650 ya 645cc, Yamaha Ténéré 700 ya 689cc, Kawasaki Versys 650 ndi zinzake. Zimasiyana m'zambiri. Ténéré tayala lake lakutsogolo ndi la mainchesi 21 ndipo thanki imalowa malita 16. V-Strom tayala ndi la 19, thanki ya zatsopanozi malita 20. CB500X inatuluka mu 2013 ndi tayala la 17, mu 2019 n'kupatsidwa la 19 kuti izipirira m'maenje. Anthu amakonda kukangana pa manambala amenewa, koma pa vuto lathuli alibe ntchito kwenikweni. Chofunika ndi chimene njingazi zimafanana: zonse zilibe kabuleta, chipangizo chija chosakaniza petulo ndi mpweya.

Pa njinga ya kabaza mafuta amatsika okha kuchoka m'thanki, kudutsa pa kampopi, kulowa m'kabuleta. Ikatsamwa, makaniko amamasula kabuleta, kuuzira ma jeti, kubwezera, basi mphindi 20 mwanyamuka. Pa njinga zikuluzikuluzi muli pampu yamagetsi imene imakhala m'kati mwa thanki, itamira m'mafuta. Imakankha petulo ndi mphamvu ya pafupifupi 3 bar (bar ndi muyezo wa mphamvu yokankha) kupita ku ma injector, timipopi topopera petulo mu injini, ndipo kompyuta ndi imene imalamula kuti injector itseguke nthawi yanji komanso kwa nthawi yaitali bwanji. Mabowo a injector ndi ang'ono kwambiri moti fumbi limene kabuleta ya kabaza imameza osadandaula, kuno ndi mlandu.

Nditapita nayo kwa makaniko wina amene amandikonzera zina ndi zina, anaizungulira kawiri, n'kugwira m'chiuno.

“Bwana, izi ndi zamakompyuta izi. Bokosi lafa. Muitanitse lina ku Joni.”

“Achimwene, mwaliona bwanji kuti lafa?”

“Nanga kabuleta palibe, ndiyang'ane pati?”

Sindimuimba mlandu. Ndi mmisiri weniweni pa njinga zimene amazidziwa, ndipo anayankha zoona. Koma bokosi la kompyuta silifa wambawamba. Likafa, kawirikawiri njinga siilira n'komwe. Silichita zoti lero lafa pa Khwekhwerere, kenaka n'kudzuka mwini wake atapuma pamwala.

Taonani kaye kafedwe kake

Musanagwire sipanala, kumbukirani bwinobwino mmene njingayo imazimira, chifukwa theka la yankho lili pamenepo. Pali kafedwe kawiri.

Kwina imayamba yadandaula. Mphamvu zimachepa, imajejema mukapotokola moto, imachira mukabweza, kenaka n'kuzima pang'onopang'ono ngati nyali ya koloboyi imene palafini watha. Imeneyo ndi njala. Ikusowa mafuta kapena mpweya.

Kwina imangoti zii kamodzi, ngati wina watembenuza kiyi, nthawi zambiri mutangogunda bampu kapena mwala. Nthawi zina imadzukanso yokha musanaime. Amenewo ndi magetsi, ndipo kumasula thanki n'kutaya nthawi.

Onaninso zina zimene zimatsagana nalo vutolo. Kodi limakula thanki ikatsika kupitirira theka? Linayamba mutathira mafuta pati? Limabwera injini ikatentha kapena ngakhale m'mawa? Nanga wotchi ya padashibodi, imabwerera pa ziro? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinachedwa kuzindikira kuti yanga sinkavuta konse thanki ikakhala yodzaza.

Ikakhala njala ya mafuta

Yambani ndi zaulere. Ulendo wina ikadzazima, musadikire kuti ipume. Tsegulani chivundikiro cha thanki nthawi yomweyo, khutu lili pafupi. Mukamva mpweya ukulowa ndi mluzu, kenaka njinga n'kulira bwinobwino, mwapeza. Thanki iliyonse ili ndi kapaipi kopumira. Mafuta akamatsika, mpweya umayenera kulowa m'malo mwake. Kapaipiko kakatsekeka, pampu imalimbana ndi thanki imene ikudzikoka yokha mpaka imagonja. Kapaipi kameneka kamatsikira pansi pa injini, pomwe matope a dzinja amafikira, ndipo mavu omanga ndi dothi aja amakakonda njinga ikaima masabata angapo m'khonde. Nthawi zina kamangopindika wina pobwezera thanki. Kazuleni, uzirani, tokosani ndi kawaya kofewa.

Chachiwiri, mverani pampu. Pamalo opanda phokoso, tembenuzani kiyi osaliza injini. Muyenera kumva kulira kosalala m'thanki kwa masekondi awiri kapena atatu, kenaka chete. Mukapanda kumva kanthu, onani batani lofiira lozimitsira lija la kudzanja lamanja, onani fyuzi ya pampu, onani relay yake (kaswitchi kamagetsi koyatsa pampu), onaninso soketi ya mawaya olowa m'thanki. Mukamva kulira kwa ng'ii kokweza, kokhala ngati kukukoka movutika, pampu ili ndi moyo koma ikubanika.

Yanga inkabanika. Tinakhuthula mafuta, kuchotsa thanki, kuigoneka chagada pa chiguduli, n'kumasula mabawuti ozungulira pampu. Kumunsi kwa pampu kumakhala kasefa konga kathumba ka tiyi. Katsopano kamakhala koyera. Kanga kanali kakuda bii ngati fodya wa chikopa. Titakachapira m'beseni ndi petulo woyera, pansi pa beseni panatsala mchenga wosalala, tinyenyeswa ta dzimbiri tofiira, ndi tizidutswa tachikasu ta pulasitiki timene ndinatizindikira nthawi yomweyo: tinali ta zigubu za mafuta ophikira zimene anyamata a m'mbali mwa msewu amagulitsiramo petulo.

Apa m'pamene zonse zinamveka. Injini ikamangolira poima kapena poyenda pamtetete imamwa pang'ono, ndipo ngakhale sefa yotsekeka imakwanitsa kudutsitsa pang'onopo. Pachitunda, mutanyamula munthu ndi katundu, imafuna mafuta ochuluka nthawi imodzi, sefa n'kukanika. Mukaima, pampu imasiya kukoka, zinyalala zina zimagwa pa sefa, pampu imazizira, ndiye njinga imalira ngati yachira. Thanki ikatsika vuto limakula chifukwa mafuta otsalawo amatentha msanga, zinyalala zimaunjikana m'mafuta ochepa, ndipo pamalo otsetsereka mafuta amathawira mbali ina. Pampuzi zimaziziritsidwa ndi petulo yemweyo amene zamiramo. Chizolowezi chathu chothira malita awiriawiri, chimene pa kabaza chilibe vuto, kuno chimapha pampu.

Dziwaninso kuti pa njinga zambiri kasefa kameneka si kokha. M'kati mwa chipangizo cha pampu mumakhalanso fyuluta ina yosalala kwambiri, yotsekeredwa m'pulasitiki, imene simungaione. Mukachapa kakunjako njinga n'kuchira mwezi umodzi kenaka n'kuyambiranso, ndiye kuti yam'katiyo nayo yakhuta. Njira yodziwira ndi kuyeza. Magalaja a galimoto za petulo amakhala ndi geji yoyezera mphamvu ya mafuta. Mukailumikiza pa paipi yochoka m'thanki iyenera kuonetsa pafupifupi 3 bar ndi kukhazikika pomwepo ngakhale mukupotokola moto. Ikamagwa mukapereka moto, mafuta sakukwana. Nambala yeniyeni ya njinga yanu ili m'buku la amakaniko la mtundu umenewo, ndipo mabuku amenewa amapezeka pa intaneti.

Pochita ntchito imeneyi chotsani kaye waya wa negetivu pa batire. Chitirani panja, kutali ndi mbaula, kutali ndi wowotcherera zitsulo, ndipo mnzanu wosuta fodya akasutire kwina. Paipi ya mafuta imakhala ndi mphamvu ngakhale injini itazima kale, choncho ikulungeni ndi kansanza pomasula kuti petulo asakuthireni m'maso. Mphira wozungulira pakamwa pa pampu musaupinde kapena kuumata ndi silikoni. Silikoni amasungunuka m'petulo n'kukatsekanso sefa yomwe mwangochapayo.

Za mafuta a m'zigubu

Tisanamizane, tonse tinathirapo. Kuyambira 2022 takhala tikugona pamizere ya mafuta, ndipo kuno kumalire, kumene mbali ina ya msewu ndi Malawi ina Mozambique, chigubu sichisowa. A MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, amaletsa malonda amenewa, koma munthu mafuta akamuthera ku Tsangano dzuwa likulowa sakumbukira za MERA. Ine ndinathira kangapo kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, ndipo zimene ndinazipeza m'beseni zija zinachokera kumeneko.

Mchenga ndi vuto laling'ono poyerekeza ndi madzi. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo izi zinayamba kale mu 1982. Ethanol payekha si mdani. Njinga zatsopanozi zinapangidwa kuti zizilandira wosakaniza pang'ono. Koma ethanol amakoka chinyezi. Madzi akachuluka, amagwirana ndi ethanol n'kupatukana ndi petulo, kutsikira pansi pa thanki, pomwe pali kamwa la pampu. Njinga imavuta kulira m'mawa, imaphulika mu ekizozi, imajejema ngakhale pamtetete. Madzi omwewo ndi amene amabala dzimbiri, poti thanki za njinga zambirizi ndi zachitsulo.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Popani mafuta a pansi penipeni pa thanki ndi kapaipi, muthire m'botolo loonekera, muliimike mphindi 10. Mukaona mzere wogawa, pansi pali zotuwa pamwamba pali petulo, khuthulani thanki yonse. Mukakayikira palafini kapena dizilo, donthezani pa pepala loyera. Petulo weniweni amauma osasiya chizindikiro. Wosakaniza amasiya banga lamafuta ngati pepala lokulungira mandasi. Palafini m'injini yotere amachititsa kagogodo konga timiyala m'chitini mukamakwera phiri, ndipo kagogodo kameneko kakapitirira kamadya pisitoni.

Ngati palibiretu kuchitira mwina, chigubucho chiime kaye pansi kwa kanthawi, thirani kudzera m'fanelo yoyalapo nsalu yoyera yothinana, ndipo lita yomaliza ya pansi isiyeni ngakhale mwailipira. Nsalu imagwira mchenga, madzi siigwira. Koma nzeru yeniyeni ndi kugwiritsa ntchito thanki yaikuluyo. Njingazi zimayenda makilomita opitirira 20 pa lita imodzi mukamayendetsa mwaulemu, kutanthauza kuti thanki yodzaza imakupatsani makilomita 300 kapena kuposa. Mukapeza mafuta pa filing'i sitesheni dzazitsani, ndipo muyambe kufunafuna ena ikangofika theka. Kuno ku Dedza, kuzizira kwa June ndi July kuja, thanki yopanda kanthu imachita thukuta m'kati usiku. Yodzaza ilibe malo ochitira zimenezo.

Mpweya, ndi nkhani ya phiri

Ngati mafuta ali bwino koma njinga ndi yolemera, ikumwa kwambiri, ndipo mapulagi akutuluka akuda ndi mwaye, tsegulani fyuluta ya mpweya. Pa njinga zina imakhala pansi pa thanki, pena pansi pa mpando, ndipo chifukwa chovuta kufikira anthu amangoiiwala. Makilomita osinthira amene analembedwa m'buku anawerengera misewu ya tala ya kwawo. Munthu woyenda msewu wa ku Mayani kapena wa ku Kasumbu mu October, kumbuyo kwa malole a mbatata, asadikire nambala imeneyo. Ine ndimatsegula mwezi uliwonse m'chilimwe.

Fyuluta ya pepala siichapidwa. Igogodeni pang'ono fumbi ligwe, ikada kwambiri sinthani. Anyamata opopa matayala amakonda kuiuzira ndi kompuresa, imaoneka yoyera, koma mphepo yamphamvu ija imaboola timabowo tosaoneka ndipo kuyambira tsiku limenelo injini ikudya fumbi. Ya siponji imachapidwa, kuumitsidwa, n'kupakidwa mafuta ake omata aja. Youma siigwira kanthu. Mukatsegula, pititsani chala m'bokosi kuseri kwa fyuluta, mbali yopita ku injini. Chala chikatuluka ndi fumbi lofiira, penapake pakudutsa mpweya wosasefedwa, ndipo limenelo ndi vuto lalikulu kuposa kujejema.

Pali china chimene si vuto konse koma chimasokoneza anthu. Golomoti ili pafupi ndi nyanja, mamita 500 ndi kanthu kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene Dedza boma ili pa mamita pafupifupi 1,600. Mukakwera mamita 1,000 mpweya umapepuka, ndipo injini imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake. Choncho njinga imene imathamanga ngati yolusa ku Mtakataka idzamveka yofatsa ku Bembeke. Ya ma injector imadziyeza yokha n'kuchepetsa mafuta, siijejema. Ya kabuleta, monga Kawasaki KLR650 zakale zija zisanasinthidwe mu 2022, imalandira mafuta ochuluka kuposa mpweya ikafika kumtunda, imachita mwaye ndipo imatha kutsamwa pang'ono. Kufooka kosalala ndi phiri. Kudukizadukiza si phiri.

Ikangoti zii

Tsopano kafedwe kachiwiri kaja. Chotsani mpando, gwirani mitu ya batire ndi dzanja, gwedezani. Ikasuntha ngakhale pang'ono, mwina nkhani yathera pomwepo. Mabampu a misewu yathu amamasula timabawuti timeneti pang'onopang'ono, ndipo njinga ya kompyuta magetsi akaduka kwa kamphindi kochepa chabe, pampu ndi moto wa mapulagi zimaima limodzi. Chizindikiro chake ndi dashibodi kuthima n'kuyakanso, kapena wotchi kubwerera pa ziro. Palani mituyo ndi sandipepa, mangani zolimba, pakani girisi pang'ono. Tsatirani waya wakuda mpaka pomwe wamangidwa ku injini kapena ku felemu, chifukwa pamenepo pamachitanso dzimbiri.

Kenaka pitani ku sitandi yam'mbali. Pamwamba pake pali kaswitchi kamene kamazimitsa injini mukalowetsa giya sitandi ili pansi. Kali pamalo oipa kwambiri, pomwe matope ndi madzi onse a tayala lakutsogolo amathera. Kakadzaza dothi, kapena sipuling'i ya sitandi ikafooka moti sitandi imagwedera pa mabampu, kompyuta imaganiza kuti mwatsitsa sitandi n'kudula moto. Kuyesa kwake: ngati njinga ikulira bwino pa nyutulo koma ikuzima mukangoponda giya wani ngakhale mwagwira kilachi, kaswitchiko ndiye woyamba kumufunsa. Katsukeni, onani mawaya ake ngati sanadulidwe ndi mwala. Muli patchire mukhoza kulumikiza mawayawo kuti mufike kunyumba, koma musasiye choncho mpaka kalekale. Kunyamuka sitandi ili pansi n'kukakhota kumanzere pa Khwekhwerere, njinga imakunyamulani n'kukutayirani kutsidya kwa msewu.

Batani lofiira lozimitsira nalo limalowa fumbi, makamaka ngati simuligwiritsa ntchito. Likankheni uku ndi uku kangapo, lipopereni mankhwala otsukira za magetsi. Ndipo ngati njinga yagwa n'kukana kulira mutaidzutsa, musachite mantha: zambiri zili ndi kachipangizo kodula mafuta ikagona, ndipo kamafuna muzimitse kiyi kaye n'kuyatsanso.

Kamita koyezera magetsi n'kotsika mtengo ndipo kamathetsa mikangano yambiri. Batire labwino, njinga itagona usiku wonse, limaonetsa 12.6 V kapena kuposerapo pang'ono. Likakhala pansi pa 12.2 V lafooka. Injini ikulira cha pa 4,000 mpaka 5,000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) muyenera kuona pakati pa 13.5 V ndi 14.5 V. Pansi pa 13 V ndiye kuti silikutchajidwa, ndipo njinga idzayenda mpaka batire litatha, kenaka pampu idzafooka ndi kujejema kofanana ndendende ndi kwa sefa yotsekeka. Pamwamba pa 15 V, regulator, kachipangizo kolinganiza magetsi opita ku batire, yawonongeka ndipo ikuphika batire. Onaninso soketi ya mawaya atatu ochoka ku injini kupita ku regulator. Ikakhala yakuda kapena yosungunuka, vuto lili pamenepo. Ngati munaikitsa magetsi owonjezera kapena potchajira foni, ndipo mawaya anangopotedwa ndi kukulungidwa tepi, zulani zonsezo kaye muone ngati vuto lipitirire.

Zinthu ziwiri musalole, ngakhale wokuuzani akhale ndi imvi. Kuzula waya wa batire injini ikulira, ati kuti aone ngati ikutchaja. Pa galimoto zakale ankatero, koma kuno magetsi amalumpha ndipo ndi njira yachidule yophera bokosi lija limene linali lamoyo. China ndi kuwotcherera keriyala kapena felemu batire ndi kompyuta zili zolumikiza.

Mapulagi ndawaika kumapeto dala, ngakhale ndi amene aliyense amayamba kusintha. Pulagi kapena koyilo ikamafa, njinga ya masilinda awiri siizima kawirikawiri. Imayenda ndi silinda imodzi, kulira kumasintha, imanjenjemera ndi kununkha petulo wosapsa. Gulani nambala yeniyeni yolembedwa m'buku, ndipo chenjerani ndi achinyengo amene bokosi lake limaoneka ngati lenileni. A V-Strom 650 musadabwe: kuyambira 2007 injini imeneyi ili ndi mapulagi awiri pa silinda iliyonse, onse pamodzi anayi.

Kutentha

Izi ndingodutsapo. Njingazi zimazizira ndi madzi, ndipo rediyeta ili kumbuyo kwenikweni kwa tayala lakutsogolo. Dothi lofiira likauma m'timipata take, pokwera phiri pa giya yotsika geji imakwera. Tsukani ndi madzi oyenda pang'onopang'ono kuchokera kumbuyo, osati ndi makina opopera aja amene amapinda timapepala ta rediyeta. Fani iyenera kuyaka yokha kutentha kukafika cha m'ma 100°C. Ikapanda kutero onani fyuzi yake, kapena kamwala kamene katsekereza mapiko. Musathiremo madzi a pamjigo, amasiya miyala m'kati. Chivundikiro cha rediyeta chikafooka sinthani, chifukwa kumtunda kuno madzi osapanikizika amawira pa 95°C. Ndipo chisatsegulidwe injini ili yotentha.

Nanga bokosi lija?

Kompyuta ikaona chachilendo imayatsa nyali padashibodi, pena yolembedwa FI, pena yachithunzi cha injini. Pa njinga zina nyaliyo imaphethira mowerengeka n'kukupatsani nambala ya vuto, pa zina zatsopano mumafunika kamakina kowerengera kolumikiza pansi pa mpando. Nambalayo siinena kuti chipangizo chafa. Imanena kuti uthenga wochokera kumeneko sukumveka. Nthawi zambiri ndi soketi yolowa madzi kapena waya wokhuzika pa felemu, makamaka pakhosi pa njinga pomwe mawaya amapindika mukamakhota. Zulani soketiyo, onani ngati yachita zobiriwira, tsukani, bwezerani.

Chimene chinandisocheretsa ine n'chakuti nyali imeneyi sinayake n'kamodzi komwe m'miyezi itatu yonse ija. Ndinkati ndiye kuti kompyuta yasokonekera, siikuonanso vuto. Zoona zake n'zakuti njinga zambiri za mtundu uwu zilibe chipangizo choyeza mphamvu ya mafuta. Kompyuta imangokhulupirira kuti pampu ikugwira ntchito yake. Choncho njinga yojejema pachitunda popanda nyali iliyonse ikulozerani ku thanki, osati ku bokosi.

Ngati sefa ndi fyuluta mwasintha, mphamvu ya mafuta ili bwino, magetsi ali bwino, koma ikadali ndi kakudodoma, otsala ndi ma injector. Musawatokose ndi singano kapena waya. Atengereni ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 85 kuchoka pa boma, kwa amene amatsuka ma injector a galimoto ndi makina. Ntchito yake ndi yomweyo. Ndipo njinga imene yayenda makilomita ambiri m'fumbi, ikuvuta kulira ikazizira ndipo mavavu sanayezedwepo chiigulireni, imeneyo ikayezedwe mpata wa mavavu musanaganize zina.

Kasefa katsopano ndinachita kutumiza kwa mlamu wanga ku Joni, kanabwera pa basi m'kaenvulopu pamodzi ndi fyuluta yam'kati ndi mphira wake. Tinamanga ndi makaniko yemwe uja, iye akugwira tochi ya foni ine ndikuwerenga buku. Titatembenuza kiyi anaika khutu pathanki, n'kumva kulira kosalala kuja.

“Ndiye kabuleta yake ndi imeneyi, bwana?”

Loweruka lotsatira ndinatsika dala ku Golomoti thanki ili pa kota, mwana wa achemwali anga ali kumbuyo, kuti ndiiyese pa makona omwe aja. Inakwera pa giya yachitatu mpaka pa Masasa.